Kodi pulogalamu imadziwa bwanji kuti laputopu yasintha giya?

Laputopu zambiri za masiku ano zimatha kuthamanga m'njira zingapo, ndipo ine ndimakonda kuzitcha njirazi magiya, ngati a galimoto. Pali giya yosunga batire, pali ya pakatikati, ndiye pali ya liwiro lonse. Mu Windows 11 mungawapeze mukalowa pa Settings, kenako System, kenako Power & battery, pa mzere wolembedwa kuti Power mode. Mayina ake ndi Best power efficiency, Balanced ndi Best performance. Pa Linux yokhala ndi GNOME amatchedwa Power Saver, Balanced ndi Performance. Lero ndikufuna tione funso limene anthu ambiri salifunsa: giya ikasintha, mapulogalamu amene akugwira ntchito nthawi imeneyo, monga browser kapena pulogalamu yotsitsa ma update, amadziwa bwanji kuti zinthu zasintha?

Kwa ife a ku Katunga kuno nkhaniyi ndi yotikhudza ndithu. Mukukumbuka Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa Shire, m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa. Dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi, ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri kwa miyezi yochuluka. Amene mumapeza mwayi wogwira laputopu, kaya ya kusukulu kaya ya achimwene anu, mukudziwa kuti magetsi akazima chimene chatsala ndi cha m'batire basi. Pulogalamu imodzi yosamva ikhoza kukudyerani ola lathunthu lowerengera mayeso a MSCE.

Chifukwa chake pali magiya

Tiyambe ndi masamu a Physics amene mukuwadziwa kale. Mphamvu yosungidwa m'batire imayezedwa mu ma watt-hour, kapena kuti Wh. Tiyerekeze kuti batire lanu ndi la 50 Wh. Laputopu ikamadya mawati 10, batirelo likhala maola 5. Ikamadya mawati 25, likhala maola 2 okha. Batire ndi lomwelo, chimene chasiyana ndi kadyedwe.

Chimodzi mwa zinthu zimene zimadya kwambiri ndi purosesa, ubongo wa kompyuta uja. Apa pali lamulo losangalatsa. Mphamvu imene purosesa imadya pogwira ntchito imayenderana ndi liwiro lake kuchulukitsa ndi volteji, kuchulukitsanso ndi volteji yomweyo. Polemba mwachidule timati P imayenderana ndi f × V². Ndipo kuti purosesa ithamange kwambiri imafunanso volteji yokwera, choncho ziwirizi zimakwerera limodzi ndi kutsikira limodzi. Ndiye taonani: mukatsitsa liwiro kufika pa 0.8 ya liwiro lonse, voltejinso n'kutsika kufika pa 0.8, kadyedwe kamakhala 0.8 × 0.8 × 0.8, yomwe ndi 0.512. Mwataya gawo limodzi mwa magawo 5 a liwiro, koma kadyedwe katsika pafupifupi ndi theka.

Wina wochenjera pakati panu anena kuti, "Koma ntchitoyo itenga nthawi yaitali." Zoona. Ntchito yomweyo itenga nthawi yochulukitsidwa ndi 1.25. Chulukitsani 0.512 ndi 1.25, mupeza 0.64. Ndiye kuti mwamalizabe ntchito yomweyo ndi mphamvu yochepera ndi 36 peresenti. A kabaza a njinga pa Dyeratu amalidziwa lamuloli ndi miyendo yawo: wopalasa mothamanga amafika msanga, koma sangagwire tsiku lonse.

Chifukwa chachiwiri ndi kutentha, ndipo m'chigwa muno sitifunika kuuzidwa. Pafupifupi mphamvu yonse imene purosesa yadya imasanduka kutentha, ndipo fani imayenera kukankhira kutenthako kunja. Kutentha kumatuluka msanga ngati pali kusiyana kwakukulu pakati pa chinthu chotenthacho ndi mpweya wochizungulira. Tiyerekeze kuti purosesa ili pa madigiri 90. Mpweya ukakhala pa 25, kusiyana ndi 65. Masana a Okutobala kapena Novembala kuno, mpweya ukafika pa 42, kusiyana ndi 48 yokha. Fani yomweyo, kuzungulira komweko, koma kutentha kumene ikutulutsa kwachepa ndi pafupifupi kota. Mapurosesa ambiri akayandikira madigiri 100 amadzichepetsa okha liwiro kuti asapse. N'chifukwa chake laputopu imene inkathamanga bwinobwino ku Dedza imaoneka ngati yaulesi ikatsika Thabwa.

Amasintha giya ndani?

Apa ndi pamene pagona vuto. Pakanakhala kuti wosintha giya ndi mmodzi, zikanakhala zosavuta. Koma alipo angapo. Mukhoza kusintha inuyo pa menyu. Ikhoza kusintha operating system yokha: Windows 10, mwachitsanzo, imayatsa battery saver batire likatsika kufika pa 20 peresenti, ngati simunasinthe malirewo. Ndiye pali laputopu yeniyeniyo. M'kati mwake muli kachipangizo kakang'ono kotchedwa embedded controller, kamene kamayang'anira kiyibodi, fani ndi batire, ndipo kali ndi pulogalamu yakeyake yotchedwa firmware. Pa ma ThinkPad ambiri a Lenovo a zaka zaposachedwa, mukadina Fn ndi L pamodzi laputopu imalowa giya yotsika, Fn ndi M ya pakati, Fn ndi H yapamwamba. Kudinako kumapita ku firmware mwachindunji. Ma ThinkPad ena amazindikiranso kuti mwawaika pamiyendo osati patebulo, ndipo amatsitsa okha mphamvu kuti asakuotcheni ntchafu.

Pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito sikuona zonsezi. Ilibe maso oonera chala chanu pa kiyibodi, ndipo ilibe khungu lomvera kutentha. Imafunika kudziwa mwanjira ina.

Mwana wotumidwa kuchigayo

Njira zilipo ziwiri, ndipo zonse mumaziona kunyumba. Magetsi azima, amayi ali ndi chimanga chofunika kugayitsa. Njira yoyamba, atume mwana kuchigayo pakapita mphindi khumi zilizonse kukafunsa kuti, "Magetsi abwera?" Mwanayo apita, abwera, apitanso, padzuwa lakunoli, ndipo yankho nthawi zambiri likhala lomwelo: "Ayi, sanabwere." Njira yachiwiri, amayi angouza mwini chigayo kuti, "Bambo, akabwera mundifulashe." Kenako azigwira ntchito zina, kapena agone kumene. Foni ikalira kamodzi, basi adziwa.

Pa kompyuta njira yoyamba imatchedwa polling, kufunsafunsa. Yachiwiri ndi notification, kudziwitsidwa.

Mwina mukuganiza kuti kompyuta siitopa ngati mwana, ndiye kufunsafunsa kulibe vuto. Vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu kuposa mmene limaonekera. Purosesa ikakhala ilibe chochita imagona. Ikhoza kugona ngakhale pakati pa kudina chilembo china ndi chinzake pamene mukutaipa, poti kwa iyo kamphindi kameneko ndi nthawi yaitali zedi. Tulo take tili ndi magawo otchedwa C-states: ikagona tulo tofa nato imazimitsa mbali zake zambiri ndipo imadya mphamvu yochepa kwambiri. Koma kulowa ndi kutuluka mu tulo totero kumadyanso mphamvu, ndipo purosesa yodzutsidwa pafupipafupi siifika n'komwe pa tulo tozama. Pulogalamu yofunsa kamodzi pa sekondi iliyonse imadzutsa purosesa ka 86,400 pa tsiku. Mapulogalamu 10 otere, ndiye ka 864,000. Ndipo giya mwina yasintha kawiri kapena katatu tsiku lonselo. Zoseketsa zake n'zakuti pulogalamu imene ikufunsa pofuna kusunga batire ndi yomwenso ikulimaliza. Kampani ya Intel inatulutsa pulogalamu ya Linux yotchedwa PowerTOP mu 2007 kuti izionetsa mapulogalamu amene akudzutsadzutsa purosesa, ndipo ilipobe mpaka lero.

Nanga kufunsa patalipatali, tinene kamodzi pa mphindi? Pamenepo mwachepetsa kudzutsa, koma pulogalamu ikhoza kukhala masekondi 59 ikuchita zinthu ngati kuti giya ndi yakale. Kufunsafunsa kumakukakamizani kusankha pakati pa kuononga mphamvu ndi kuchedwa kudziwa. Kudziwitsidwa kulibe vuto lililonse mwa awiriwa.

Mmene Linux imachitira

Nditenga Linux ngati chitsanzo chifukwa m'kati mwake aliyense akhoza kusuzumira. Mtima wa Linux umatchedwa kernel, ndipo ndi umene umalankhula ndi zipangizo za laputopu. Kernel imaonetsa zambiri za zipangizozi ngati mafayilo ang'onoang'ono mu foda yotchedwa /sys. Mafayilowa sali pa disiki ayi. Mukawatsegula, kernel imakupatsani yankho la nthawi yomweyo.

Kale kampani iliyonse yopanga laputopu inali ndi njira yakeyake yosinthira magiya, ndipo wolemba pulogalamu ankayenera kuphunzira njira zonsezo. Mu Linux 5.12, imene inatuluka mu Epulo 2021, munabwera njira imodzi ya onse, ntchito imene Mark Pearson wa ku Lenovo anagwira mothandizana ndi Hans de Goede amene anali ku Red Hat. Ndi fayilo iyi:

/sys/firmware/acpi/platform_profile

M'kati mwake mumakhala liwu limodzi lokha, monga low-power, balanced kapena performance. Laputopu zina zilinso ndi quiet, giya yoti fani isamasokose, kapena cool, yoti laputopu isamatenthe. Fayilo inzake yotchedwa platform_profile_choices imatchula magiya onse amene laputopu yanuyo ili nawo.

Pulogalamu yofuna kudziwa imatsegula fayiloyi, n'kuwerenga liwu limene lilimo, kenako imauza kernel kuti, "Ndikugona, mundidzutse fayiloyi ikasintha." Lamulo louzira kernel zimenezi limatchedwa poll(). Dzinali lisakusokonezeni. Likumveka ngati polling ija, koma pulogalamu imene yaitana poll() siifunsafunsa, imangogona osadya mphamvu ya purosesa mpang'ono pomwe. Tsono wina akadina Fn ndi L, firmware imasintha giya n'kutumiza chizindikiro ku kernel. Kachigawo ka kernel koyang'anira ma ThinkPad, kotchedwa thinkpad_acpi, kamafunsa firmware giya yatsopano, kenako kamaitana platform_profile_notify(), imene imadzutsa onse amene anagona akudikira fayilo ija.

Pali kanthu kamodzi kamene ndikufuna mukagwire bwino. Kudzutsako kulibe mawu. Kuli ngati kufulasha kuja: foni yalira, koma palibe amene wanena chilichonse. Kernel siuza pulogalamu kuti giya tsopano ndi low-power. Imangoti, "Dzuka, kayang'ane." Pulogalamu imayenera kubwerera koyambirira kwa fayilo n'kuwerenganso yokha.

Poyamba izi zimaoneka ngati ulesi wa olemba kernel, koma taganizirani izi. Munthu wadina Fn ndi H, pomwepo n'kusintha maganizo, wadina Fn ndi L, zonse mu sekondi imodzi, pamene pulogalamu inali itatanganidwa ndi zina. Uthenga ukanakhala ndi mawu, pulogalamu ikanayamba yawerenga wakuti performance, umene ndi bodza pofika nthawi imeneyo, n'kuyamba ntchito yolemera pa laputopu imene ili kale pa giya yotsika. Koma poti imakawerenga yokha fayilo, chimene ipeze ndi chimene chilipo panopa. Magetsi akabwera n'kuzimanso amayi asananyamuke, kuli bwino aimbe kaye foni kusiyana n'kusenza dengu chifukwa cha fulashi ya mphindi zisanu zapitazo.

Amene mukuphunzira Computer Studies ndipo mwayambako Python, pulogalamu yonse yomvetsera ndi iyi:

import select
f = open("/sys/firmware/acpi/platform_profile", "rb", buffering=0)
p = select.poll()
p.register(f, select.POLLPRI)
while True:
    f.seek(0)
    print(f.read().decode().strip())
    p.poll()

Mzere wa f.seek(0) ndi kubwerera koyambirira kuja. Mzere womaliza ndi pamene pulogalamu imagona. Onani kuti imayamba yawerenga isanagone, kuti idziwe giya imene yaipeza.

Kuchokera ku fulashi kupita ku wailesi

Mapulogalamu wamba sayang'anira fayiloyi paokha. Pa Linux zambiri pali kapulogalamu kogwira ntchito mwakachetechete kumbuyo, kotchedwa power-profiles-daemon, kamene anayambitsa Bastien Nocera, ndipo GNOME inayamba kukagwiritsa ntchito mu GNOME 40, mu 2021. Kameneka ndi kamene kamagona kakudikira fayilo ija. Kakadzutsidwa kamawerenga, n'kumasulira mayina osiyanasiyana a laputopu kukhala atatu okha: power-saver, balanced ndi performance. Kenako kamalengeza pa D-Bus, njira imene mapulogalamu a Linux amatumizirana mauthenga. Apa zili ngati wailesi: wolengeza ndi mmodzi, sadziwa n'komwe amene akumvera, ndipo amamva okhawo amene atsegula. Uthenga wa pa D-Bus umenewu umatchedwa PropertiesChanged, ndipo uwu wokha umabwera ndi dzina la giya yatsopano. Kamathanso kulengeza chifukwa chimene laputopu sikuthamangira mokwanira ngakhale munasankha performance. Zifukwa zake ndi monga lap-detected, kutanthauza kuti ili pamiyendo, ndi high-operating-temperature, kutanthauza kuti yatentha.

Tawerengani tsono mmene uthenga wayendera. Wachoka pa chala chanu, wapita ku firmware, ku kernel, ku fayilo, ku power-profiles-daemon, ku D-Bus, kenako ku pulogalamu. Mmodzi mwa amenewa akangokhala chete, sikirini izionetsa Performance pamene laputopu ikuyenda pa giya yotsika, ndipo inu muzidabwa kuti bwanji ikuchedwa chonchi. Ife a m'chigwa timaudziwa mtundu uwu wa vuto. Chenjezo la madzi osefukira limachoka kwa a zanyengo, n'kudutsa pa wailesi, kwa mafumu ndi m'makomiti a m'midzi lisanafike pakhomo, ndipo likakakamira panjira, wa m'mbali mwa Mwanza kapena Shire amagona ngati kuli bwinobwino.

Makina ena amachitanso chimodzimodzi, mayina okha ndi amene asiyana. Pa Windows pulogalamu imalembetsa kudzera mu RegisterPowerSettingNotification, ndipo zinthu zikasintha imalandira uthenga wotchedwa WM_POWERBROADCAST. Pa Android, imene ili m'mafoni a itel ndi Tecno amene ambiri tili nawo, uthenga wakuti battery saver yayatsidwa kapena yazimitsidwa unayamba ndi Android 5.0 mu 2014. Pa iPhone, Low Power Mode inabwera ndi iOS 9 mu 2015, ndipo ikayatsidwa kachizindikiro ka batire kamasanduka kachikasu.

Ikamva, pulogalamu imatani?

Uthengawu si lamulo. Laputopu ikhoza kutsitsa liwiro la purosesa popanda kupempha aliyense, koma siingadziwe ntchito zimene zili zofunika m'kati mwa pulogalamu iliyonse. Amene akudziwa ndi mwini pulogalamuyo. GNOME Software, imene imatsitsa ma update pa GNOME, imaimitsa kutsitsa kochitika pakokha laputopu ikakhala pa power-saver. Browser ya Chrome inalandira Energy Saver chakumapeto kwa 2022, imene imachepetsa ntchito za kumbuyo ndi zokongoletsa zoyendayenda pamasamba batire likatsika kufika pa 20 peresenti. Pa iPhone, makalata a imelo amasiya kubwera okha pafupipafupi.

Kwa ine, pulogalamu yolembedwa bwino ndi imene imasiyanitsa ntchito zodikirika ndi zosadikirika. Update ikhoza kudikira kuti magetsi abwere. Kusanja zithunzi zakale kukhoza kudikira. Koma kusunga nkhani imene mukulemba sikungadikire, ndipo batire likamatha ndi pamene kukufunika kwambiri. Pulogalamu imene ingasiye kusunga ntchito yanu poti ikusunga batire yasokoneza zinthu. Ndipo mapulogalamu ambiri, tinene zoona, salembetsa n'komwe kuti azimva. Amangopitiriza ntchito zawo zonse pa purosesa imene yatsitsidwa liwiro, ndiye laputopu imachedwa, batire likuthabe. Mukaona zotere magetsi atazima, tsekani nokha ma tabu ndi mapulogalamu amene simukuwagwiritsa ntchito. Pa Windows, Task Manager imaonetsa pulogalamu imene ikudya purosesa kwambiri.

Yesani nokha

Ngati mungapeze laputopu ya Linux, tsegulani terminal n'kulemba kuti cat /sys/firmware/acpi/platform_profile_choices. Ikayankha ndi mayina a magiya, yendetsani ka Python kaja, kenako sinthani giya pa menyu kapena pa kiyibodi, muone liwu latsopano likutulukira lokha. Lamulo la powerprofilesctl get limaonetsa giya mmene power-profiles-daemon ikuionera, ndiye mukhoza kuyerekeza mayina a mbali ziwirizi. Laputopu zambiri zakale, monga zogula kwa ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito ku Limbe, zilibe fayilo imeneyi chifukwa firmware yake ilibe magiya otere, ndipo terminal ingokuuzani kuti fayiloyo kulibe. Simunaononge chilichonse.

Amene mulibe laputopu, foni ya kunyumba ikukwanira. Pemphani kaye eni ake, yatsani battery saver batire likadali lodzaza, ndipo lembani zonse zimene zasintha nthawi yomweyo: kuwala kwa sikirini, mtundu wa kachizindikiro ka batire, kachedwedwe ka mauthenga ena. Pa chilichonse dzifunseni ngati chasinthidwa ndi Android yeniyeniyo kapena ndi pulogalamu imene yamva uthenga.

Ndikusiyirani samu iyi. Batire la 45 Wh lili pa 60 peresenti pamene magetsi azima 6 koloko madzulo. Pa balanced laputopu ikudya mawati 12, pa power-saver mawati 7.5. Mukufuna kuwerenga mpaka 9 koloko usiku. Kodi mungakhale pa balanced mphindi zingati musanasinthe giya, kuti batire lithe 9 koloko yeniyeni?